Mzere Wotuwa Pakati pa Malasha

Mutu 7

1. Mabotolo anayi

Dzina loti Namafunso anamupatsa ndi aphunzitsi ake a sayansi, ndipo linamukhala ngati anabadwa nalo. Mtsikanayu sankatha kuona chinthu n'kungochidutsa. Atalemba mayeso ake omaliza a kusekondale, anzake akuwothera dzuwa podikira zotsatira, iye anapeza malo ophunzira ntchito m'nyumba yoyezera malasha, pamgodi pomwe achimwene ake ankagwira ntchito.

Woyang'anira nyumbayo anali mayi wina wamfupi, wa magalasi okhuthala ndi bondo lovuta, amene mgodi wonse unkawatchula kuti mayi Sikelo. Anthu ankawaopa. Ngakhale bwana wamkulu, akamalowa m'menemo, ankayamba wapukuta jombo pakhomo.

Tsiku loyamba mayi Sikelo sanamupatse Namafunso tsache kapena buku. Anamuimika pawindo, pomwe panali mabotolo anayi akuluakulu.

"Kunyumba wawauza kuti ukukagwira ntchito ya makala eti?"

"Ayi mayi, ndawauza kuti ya malasha."

"Wapulumuka. Makala amawotcha ndi munthu, mlungu umodzi apsa. Awa inaphika ndi nthaka, ndipo sinathamange. Tsegula botolo loyambalo."

M'botolo loyamba munali malasha ofiirira, ofewa, onyenyeka m'manja ngati dothi. Atawayang'anitsitsa, Namafunso anaona timizere ta mtengo mkati mwake.

"Amenewo ndi makanda," anatero mayi Sikelo. "Madzi ndiye ambiri. Ukawasonkha, utsi tolo, moto wochepa. Ndiponso ukawaunjika mulu waukulu n'kuwaiwala, amatha kuyaka okha."

M'botolo lachiwiri munali akuda koma osawala. M'lachitatu munali akuda bii, a mizere yonyezimira, ndipo anamudetsa zala nthawi yomweyo.

"Awa ndiwo amatidyetsa pano. Ndi amene amawafuna a fakitale ya simenti ndi opanga magetsi. Tsopano tenga achinayiwo, upukute pa bulauzi yako."

Namafunso anazengereza, poti bulauziyo inali yoyera komanso yobwereka kwa alamu ake, akazi a achimwene aja. Koma anapukuta. Sipanatsale kadontho. Malashawo anali olimba gwa, owala ngati galasi.

"Amenewo ndi akuluakulu. Kuti ayake umatuluka thukuta, koma akayaka, lawi lake limakhala laling'ono, labuluu, lopanda utsi, ndipo sazima msanga."

"Nanga n'chifukwa chiyani akusiyana chonchi, mayi?"

"Wayamba. Anandichenjeza. Tamvera: onsewa anali mitengo ndi zomera za m'madambo, kalekale, kusanakhale munthu woti n'kuziona. Zinagwera m'matope, osaola bwinobwino. Mchenga unabwera pamwamba, kenako dothi, kenako mchenga wina, mpaka phiri. Kulemera kuja ndi kutentha kwa pansi zinafinya madzi onse. Zomwe zinafinyidwa pang'ono ndi botolo loyamba. Zomwe zinazunzika kwambiri ndi botolo lachinayi."

Kenako anamutembenuzira kumapu a dziko lonse amene anali pakhoma. "Ofiirira tili nawo ambiri m'zigwa umu, moti zidzukulu za zidzukulu zako sizidzawatha. Akuda ali pansi pa mapazi athu pano ndi m'madera ena awiri awa. Agalasi ndi kadontho aka kokha, kumapiri." Anakaphimba ndi chikhadabo chimodzi.

Namafunso anangoti kukamwa yasa. Moyo wake wonse ankayenda pamwamba pa nkhalango yokwiririka, osadziwa.

"Tseka pakamwa, fumbi lilowa. Pali chinanso. Malasha akhoza kukhala a mtundu wabwino koma osakanikirana ndi mwala. Mwala suyaka, umatsala ngati phulusa. A fakitale salandira malasha amene phulusa lake lapitirira 20 pa 100. Ntchito ya nyumba ino ndi kunena zimene zili pansi, zikome zisakome."

2. Pempho la achimwene

Patatha milungu itatu, Lamlungu masana, Namafunso anapeza achimwene ake akuchapa ovolosi kuseri kwa nyumba. Iwowa ndiwo anamulera bambo awo atamwalira. Anasiya sukulu n'kulowa mgodi kuti iye asasiye. Tsopano anali kapitawo wa amuna khumi ndi awiri.

Mgodi wonse unkadziwa nkhani ya gulu lawo. Mbali yakale ya dzenje inali itatha malasha, ndipo gululo linali litatsegula khoma latsopano la malasha. Khomalo likapezeka labwino, ntchito ipitirira. Likapezeka loipa, kutha kwa mwezi amuna onse khumi ndi atatu abweza zipewa, ntchito yatha. Ndipo alamu ake a Namafunso anali oyembekezera, miyezi itatha kale isanu ndi iwiri.

"Iwe wa mafunso, tabwera undithirire madzi," anatero achimwenewo. Atayandikira anatsitsa mawu. "Mawa mukubwera kukhoma lathu eti?"

"Eya. Mayi Sikelo akuti nditsika ndine, poti bondo lawo silingafike pansi paja."

"Ndimadziwa. Tamvera, mlongo wanga. Malasha aja ndi abwino, ukaona wekha, akuwala ngati nsapato za mkwati. Kungoti pakati pake padutsa kamzere kotuwa, kamwala, kukula kwake ngati chikhatho changachi. Ukamasema malasha okayeza, kadumphe."

"Koma achimwene, amati chilichonse chogwa pachinsalu..."

"Amati, amati! Sindikuti ube, sindikuti uname. Kamwala kamodzi ukakankhire pambali ndi phazi, basi. Ndinayamba ndakupemphapo kanthu ine chibadwire chako?"

Sanayambe amupemphapo kanthu, zimenezo zinali zoona. Namafunso anayang'ana manja awo ali m'thovu. M'ming'alu ya zala munali mizere yakuda imene sopo analephera kalekale. Anawamvera chisoni, ndipo anachita mantha.

"Ndamva, achimwene," anayankha motero, osanena kuti wavomera kapena wakana.

3. Chitseko pa lole

Lolemba m'mawa galimoto inafika ndi Namafunso ndi mayi Sikelo pamphepete pa dzenje. Namafunso anali asanafikepo pamenepo. Anasuzumira pansi.

Dzenjelo linali lalikulu moti tauni yawo yonse, ndi msika womwe, ikanalowamo n'kutsala malo. Linkatsika ngati masitepe. Malole akuluakulu aja amene amagwedeza mawindo akamadutsa mumsewu ankaoneka ngati mabokosi a machesi. M'mbali mwake nthaka inali itayalana mizeremizere: yofiira pamwamba, kenako yachikasu, kenako yotuwa, ndipo pansi penipeni mzere wakuda bii, wonyezimira ndi dzuwa la m'mawa.

"Mayi, zonsezi zinaunjikana zaka zingati?"

"Ukanati uziwerenga chaka chimodzi pa kupuma kulikonse, ukanakalamba n'kufa usanafike pamzere wakudawo. Dothi lofiira lili pamwambali ndi la dzulodzuloli. Ife ndi nyumba zathu ndife fumbi la pamwamba pake."

Anamupatsa chinsalu cha tenti, nyundo yosongoka ndi matumba. Kenako anakhala pampando wa galimoto, chitseko chili chotsegula, n'kuvula magalasi.

"Ndikudziwa kuti khomalo ndi la achimwene ako. Sindikufunsa zimene mwakambirana kunyumba, si zanga. Koma imva izi, ndipo sindibwereza.

"Uyala chinsalu patsinde pa khoma. Usema kangalande kowongoka kuyambira kumutu kwa malasha mpaka kumapazi, kuya kofanana, m'lifupi mofanana. Chilichonse chochoka m'kangalandeko chigwere pachinsalu, ndipo chagwa chagwa. Chowala, chosawala, mwala, dothi, zonse m'thumba. Chifukwa makina akadzabwera kudzakumba sadzasankha. Alibe maso, alibenso achimwene.

"Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene woyeza wina, pamgodi wina, anamvera anzake chisoni. Anali munthu wabwino, ndikuuze, wopemphera. Anangochotsa timiyala tingapo. Pepala linatuluka lokoma. Eni mgodi anaitana amuna mazana awiri, bambo anga ali m'gulu lomwelo. Anasiya munda wawo m'manja mwa ena, anazula ndi chitseko chomwe cha nyumba yathu, n'kutikweza pa lole. Tinapita tikuimba.

"Sitima yoyamba ya malasha itafika kufakitale, ng'anjo zinatsamwa ndi phulusa. Yachiwiri anaibweza. Pasanathe miyezi inayi mgodi unatsekedwa. Tinabwerera pa lole yomweyo, chitseko chomwecho chili pamiyendo pathu, koma kopanda nyumba yoti tikachiike. Munda unali utapita. Woyeza uja ankafuna kupulumutsa anthu khumi, anagwetsa mazana awiri. Mwala umene iwe ungaubise lero, ng'anjo idzauulula, ndipo idzauulula anthu atazula kale zitseko. Pita."

4. Tsamba

Pansi pa dzenje panali potentha, ndipo mawu ankamveka ngati a m'chipinda. Amuna a gulu lija anamulandira ndi nthabwala.

"Abwana afika! Chipewacho chikukwana anthu awiri, chemwali, tibwerekeko mbali inayo!"

Achimwene ake sanaseke. Anaimika makwerero pakhoma n'kuwagwira okha.

Khomalo linali lalitali kuposa munthu ataimirira pamapewa a mnzake. Namafunso anayala chinsalu, anakwera, n'kuyamba kusema. Malasha ankathetheka n'kugwa ngati magalasi osweka. Achimwene ake sananame, analidi okongola, a botolo lachitatu enieni. Anasema mpaka mkono unalema, akutsika sitepe imodzi imodzi.

Atafika pakati, nyundo inalira mosiyana. Mzere wotuwa uja unali pamaso pake. Sunali ngati chikhatho chimodzi ayi, unali ngati zikhatho ziwiri, ndipo m'munsi mwake munali timizere tina titatu.

Anayang'ana kumwamba. Galimoto ya mayi Sikelo inali kadontho koyera pamphepete. Anayang'ana pansi. Maso a achimwene ake anali pa iye.

Anamenya. Anamenyanso. Chibenthu cha mwala chinachoka m'kangalande, chinagwera pachinsalu n'kung'ambika pakati. Namafunso anatsika kuti achione, ndipo atachitembenuza anafuula.

"Achimwene! Taonani!"

Mkati mwa mwalawo munali tsamba. Linali lakuda, lalitali ngati dzanja, looneka ngati nthenga ya nkhuku, ndi timasamba ting'onoting'ono mbali zonse ziwiri. Kamtsempha kalikonse kankaoneka bwinobwino, ngati lagwa mumtengo m'mawa womwewo.

Amuna aja anasiya mafosholo n'kuzungulira. Nthabwala zinatha. Wina wachikulire anavula chipewa, ngakhale kuti lamulo la mgodi sililola.

"Zaka makumi awiri ndili m'dzenje muno," anatero, "sindinaonepo lathunthu chonchi. Ndiye kuti pano panali mthunzi? Mphepo inkawomba pano?"

Namafunso analiyang'anitsitsa. Tsambalo linagwa kusanabadwe munthu aliyense, linagona mumdima nthawi yonseyo, ndipo maso oyamba kuliona anali ake. Ankalifuna. Ankafuna kukaliika pawindo kunyumba, kukawaonetsa aphunzitsi ake a sayansi, kudzamuonetsa mwana wa achimwene ake akadzakula.

Achimwene ake anawerama n'kumunong'oneza. "Waona? Mulungu wakupatsa njira. Ika m'thumba la ovolosi zibenthu ziwirizo. Ndi chikumbutso. Ndani angakudzudzule chifukwa chosunga chinthu chokongola chonchi? Zotsalazo ndikankha ine."

Inalidi njira yosalala. Amuna onse akanachitira umboni kuti mtsikana anangotola tsamba. Namafunso ananyamula zibenthuzo, chimodzi dzanja ili, china dzanja ilo. Zinali zolemera kuposa malasha a kukula komweko, ndipo kulemera kumeneko ndiko kunali nkhani yonse.

"Achimwene, chachokera m'kangalande."

"Ndiye?"

"Chagwa pachinsalu."

Anagwada n'kuziika pakati pa malasha aja. Kenako anakweranso makwerero n'kusema mzere wotuwa wonse, ndi timizere titatu tija, mpaka kumapazi kwa khoma. Achimwene ake sanasiye makwerero. Anawagwira mpaka anamaliza, koma nkhope anali atayang'ana kumbali.

5. Zimene ng'anjo inanena

M'nyumba yoyezera, mayi Sikelo anakhuthula matumba patebulo lachitsulo. Ataona tsamba lija analiyandikitsa kumagalasi, n'kulisisita ndi chala.

"Lokongola," anatero. "Mwa onse amene ndawaona, ili ndiye mfumu. Unalitola pambali kapena m'kangalande?"

"M'kangalande, mayi."

"Ndiye ukudziwa kumene likupita."

Namafunso analiponya yekha m'makina ophwanyira. Phokoso lake silinasiyane ndi la mwala wina uliwonse. Misozi inatsika, ndipo sanaibise.

Zophwanyikazo anazisakaniza, anaziunjika kamulu, anakaphwatalala n'kukagawa panayi. Magawo awiri oyang'anizana anataya, awiri anasakanizanso. Anabwereza mpaka panatsala zodzaza kapu, ndipo anazipera kukhala ufa. Madzulo amenewo kunyumba achimwene ake anadya n'kukagona dzuwa litangolowa.

Lachiwiri anayeza kaufa pang'ono pasikelo ya m'kabokosi ka galasi, imene imagwedezeka ngakhale munthu akapuma pafupi. Anakaika m'kambale koyera, ndipo mayi Sikelo anakalowetsa m'ng'anjo ndi chopanira chachitali. Chitseko chitatseguka, mkatimo munali mofiira ngati dzuwa lolowa.

Masana anakatulutsa. Ufa wakuda uja unali utapita wonse. Nkhalango ija, mthunzi uja, zonse zinali zitasanduka kutentha n'kuuluka. M'kambalemo munatsala kamulu ka phulusa lotuwa. Katazizira anakayeza, ndipo anabwereza ndi kambale kachiwiri kuti asanamizire khoma.

"Werenga wekha," anatero mayi Sikelo.

"27 pa 100."

"Lemba. Usaine dzina lako m'munsi mwa langa."

Namafunso analemba, koma cholembera chinaima panjira. "Mayi, mwala uja unali wolemera kuposa malasha. Ndinaumva m'manja. Kodi palibe njira yowalekanitsira atakumbidwa kale? Mwina m'madzi, cholemera n'kumira?"

Mayi Sikelo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kuseri kwa nyumba yosungira zida kuli chimakina chotsukira malasha. Chinafa zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndipo mwamera udzu. Ine ndalankhula mpaka malovu anauma, bwana safuna n'kumva komwe. Usayembekezere zambiri." Anapinda pepala lija n'kuliika mu envelopu. "Koma khomali wasema ndiwe. Mawa 8 koloko ukapereka wekha m'manja mwa bwanayo, ndipo funso lakolo ukalifunse komweko."

6. Pageti

Achimwene ake anali atamudikira pageti, chipewa chili m'manja.

"Zatuluka bwanji?"

"27, achimwene."

Anayang'ana m'chipewamo ngati muli kanthu. "Ukanachotsa mwala uja zikanakhala zingati?"

"Sindikudziwa. Mwina 15."

"Mwina 15," anabwereza motsitsa. Sanakalipe, ndipo Namafunso akanakonda akanakalipa. "Ndinakutumiza kusukulu kuti udzadziwe zinthu. Wadziwadi. Anyamata aja ndikawauza ndine mawa. Koma alamu ako ukawauze wekha."

Achimwenewo anayenda patsogolo, iye pambuyo, envelopu ili m'thumba la ovolosi momwe mukanakhala tsamba lija. Anadutsa njanji, anadutsa malole odzaza malasha akudikira sitima.

Alamu ake anali pakhonde akusoka kamalaya ka mwana. Atawaona anadzuka pang'onopang'ono, dzanja lili kumsana, akumwetulira. Achimwene aja anawadutsa n'kulowa m'nyumba.

"Iii, abambo awa lero bwanji?" anatero alamuwo akuseka. Kenako anatembenukira kwa Namafunso, singano ili m'manja. "Nanga mlamu, tauzeni. Khoma lathu lakhoza?"